Chiliza cha John Condon chikunena zaka 14, koma mabuku a kwawo akunena 18

Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiyankhepo pa nkhani imene munasindikiza m'sabata yokumbukira kutha kwa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yokhudza John Condon, mnyamata wa mumzinda wa Waterford m'dziko la Ireland, amene anaphedwa ku Belgium pa 24 Meyi 1915. Choyamba ndikuthokozeni chifukwa chomukumbukira, pakuti m'masabata otere zimene timawerenga kawirikawiri ndi za mafumu, nduna ndi akuluakulu a nkhondo, ndipo msilikali wamba wochokera m'banja lodya za thukuta la tsiku ndi tsiku satchulidwa dzina. Koma wolemba wanu ananena kuti mnyamatayu anafa ali ndi zaka 14, ndiponso kuti ndiye anali wamng'ono kwambiri mwa asilikali onse a Britain amene anafa pa nkhondoyo, ndipo mfundo imeneyi ndi imene yandigwiritsa cholembera. Sindikumuimba mlandu wolembayo, chifukwa zaka zimenezo zinazokotedwa pa chiliza chenichenicho ku manda a Poelcapelle ku Belgium, ndipo bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission likuzisungabe m'mabuku ake. Munthu akaona mawu olembedwa pamwala, amakhulupirira. Komabe pali zolembedwa zina, zakale kuposa mwalawo, zimene zikunena zosiyana.

Buku la boma lolembamo ana obadwa likusonyeza kuti John Condon, amene anapatsidwa dzina la bambo ake, anabadwira ku Waterford m'mwezi wa Okutobala 1896. Kalembera wa anthu wa 1901 anamupeza ali kale kamwana koyenda ndi kuyankhula m'nyumba ya makolo ake, ndipo kalembera wa 1911 anamupeza ali mnyamata wosinkhuka. Zolembedwa za akalembera awiriwa zili pa intaneti, zoikidwa ndi National Archives of Ireland, ndipo aliyense angathe kuziwerenga popanda kulipira. Masamu akenso ndi osavuta. Munthu wofa ali ndi zaka 14 mu Meyi 1915 ayenera kukhala wobadwa pakati pa Meyi 1900 ndi Meyi 1901, kutanthauza kuti polowa usilikali mu Okutobala 1913 akanakhala wa zaka 12 kapena 13. Zoti mwana wa msinkhu umenewo akanaima pamaso pa sajeni wolemba asilikali, navula malaya pamaso pa dokotala womupima, nalandiridwa ngati mwamuna wa zaka 18, komanso m'nyengo ya mtendere imene gulu lankhondo linalibe changu chotolera aliyense, n'zovuta kuzikhulupirira. Chimene mapepalawa akugwirizana n'chakuti analowa usilikali atangokwanitsa zaka 17, anadziwonjezera chaka chimodzi, ndipo anafa ali ndi zaka 18 ndi miyezi 7.

Ndikufuna owerenga aone kaye kumene mnyamatayu anachokera, chifukwa nkhani ya zaka 14 imatitangwanitsa ndi nambala mpaka kuiwala kuti munthuyo anali ndi kwawo. Waterford ndi mzinda wa padoko, m'mbali mwa mtsinje wa Suir, kum'mwera chakum'mawa kwa Ireland, ndipo mu 1911 munali anthu pafupifupi 27,000. Pa nthawiyo chilumba chonse cha Ireland chinali mbali ya United Kingdom, monga chinakhalira kuyambira 1801, ndipo malamulo ake ankapangidwira ku London. Banja la a Condon linkakhala m'tinjira topanikizana ta dera la Ballybricken, kumtunda kwa doko, kumene kunkachitikira msika waukulu wa nkhumba ndi ng'ombe. Chuma cha mzindawu chinali pa nyama ya nkhumba yokonzedwa m'mafakitale ndi pa ziweto zokwezedwa m'sitima kupita ku Britain, koma phindu lake linkathera kwa eni mafakitale ndi ogula nkhumba. Mwamuna wopanda luso lapadera, monga analili bambo a John, ankadalira maganyu: lero kusenza katundu padoko, mawa kuima chabe kudikira sitima imene sinabwere. M'nyumba za m'tinjira timeneti ana ambiri ankagona chipinda chimodzi, ndipo chifuwa chachikulu chinkatenga anthu m'mizinda ya Ireland pa mlingo woopsa. Mnyamata wa m'banja lotere akamaliza sukulu ya pulayimale, njira zimene zinali patsogolo pake zinali zowerengeka: maganyu a bambo ake, sitima yopita ku Liverpool kapena ku America, kapena chipata cha asilikali.

John anasankha chipata cha asilikali, ndipo mwezi umene anachitira zimenezi uli ndi tanthauzo. Mu Okutobala 1913 kunalibe nkhondo. Kuphedwa kwa Franz Ferdinand, kalonga wa ku Austria, ku Sarajevo, kumene kunayatsa moto wonsewo, kunachitika pa 28 Juni 1914, patapita miyezi 8. Ngakhale mawu otchuka a John Redmond, phungu wa Waterford yemweyo ndiponso mtsogoleri wa chipani chofuna kuti Ireland akhale ndi nyumba yakeyake ya malamulo, amene anayankhula ku Woodenbridge pa 20 Sepitembala 1914 kulimbikitsa amuna a ku Ireland kupita kulikonse kumene nkhondo yafika, anamveka John atavala kale yunifolomu kwa miyezi 11. Tisamuveke tsono maganizo a andale amene iye sanawatsate. Analembetsa m'bataliyoni yachitatu ya Royal Irish Regiment, imene inali ya asilikali apadera odikira kuitanidwa, otchedwa Special Reserve. Dongosolo lake linali lakuti mnyamata aphunzitsidwe kwa miyezi 6 akulandira malipiro, kenaka abwerere kwawo, azipita ku maphunziro kwa masabata ochepa chaka chilichonse, koma avomere kuti nkhondo ikabuka adzaitanidwa. Malipiro a msilikali wamba anali sheleni imodzi patsiku, kuwonjezera pa chakudya chotsimikizika, malo ogona, zovala ndi jombo. Kwa ine n'zoonekeratu kuti mwana wa waganyu akanaona zimenezi ngati ntchito yodalirika kuposa ina iliyonse imene Ballybricken akanamupatsa, ndipo chiganizo cha nkhondo chimene chinali pa pepalalo chinkaoneka ngati chinthu chakutali.

Dziko la Britain linalowa nkhondo pa 4 Ogasiti 1914. Bataliyoni yachiwiri ya Royal Irish Regiment inali m'gulu loyamba kuwoloka nyanja, inamenya nawo nkhondo ya ku Mons pa 23 Ogasiti, ndipo pa 19 ndi 20 Okutobala inazingidwa ndi Ajeremani pa mudzi wa Le Pilly ku France, kumene pafupifupi onse amene analowa m'mudzimo anaphedwa kapena kugwidwa. Bataliyoni ikatha motero, dzina lake silifa. Amangoitsanulira anthu atsopano, ndipo anthuwo ankachokera ku Special Reserve. Ndi mmene John anawolokera nyanja mu Disembala 1914, kukalowa m'bataliyoni yachiwiriyo. Apa ndi pamene ndikupempha owerenga aime pang'ono. Lamulo la gulu lankhondo la Britain pa nthawiyo linali lakuti msilikali asatumizidwe kukamenya nkhondo kunja asanakwanitse zaka 19. John anali ndi zaka 18 ndi miyezi iwiri. Koma chaka chija anadziwonjezera mu 1913, mwina pongofuna kuti sajeni asamubweze, chinamusandutsa wa zaka 19 pa pepala, ndipo pepalalo ndi limene akuluakulu anayang'ana. Choncho ngakhale titachotsa nthano ya zaka 14, choonadi chimene chikutsala n'chakuti John Condon anafika ku nkhondo asanafike msinkhu wovomerezeka, anakhala m'ngalande za matope nyengo yonse yozizira asanafike msinkhuwo, ndipo anafa kutatsala miyezi pafupifupi 5 kuti aufike.

Za tsiku la imfa yake wolemba wanu anangoti "anafa ndi mpweya wa poizoni," ndipo ine ndikuona kuti mawu amenewa ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi zimene zinachitika. Ajeremani anayamba kugwiritsa ntchito mpweya wa klorini mochuluka pa 22 Epulo 1915, kumpoto kwa mzinda wa Ypres ku Belgium, pa asilikali a France ndi a ku Algeria. Ankaukwirira m'zitini zazitali zachitsulo m'mphepete mwa ngalande zawo, n'kudikira kuti mphepo iloze kwa adani, kenaka n'kutsegula. Mpweyawu umaoneka ngati nkhungu yobiriwira mwachikasu, ndipo popeza ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, umakwawa pansi n'kutsikira m'maenje ndi m'ngalande, malo omwewo amene msilikali anaphunzitsidwa kubisalamo zipolopolo zikamagwa. Ukalowa m'chifuwa umawotcha njira za mpweya, mapapo amadzaza madzi, ndipo munthu amafa ngati womira ali pamtunda pouma. Chodzitetezera chimene asilikali a Britain anali nacho mu Meyi chinali kansalu kapena kathonje koviikidwa m'mankhwala, komangidwa pamphuno ndi pakamwa, kamene kankasiya kugwira ntchito mpweyawo ukakhala wochuluka kapena ukatenga nthawi yaitali.

Pa 24 Meyi, Lolemba lotsatira Pentekoste, kusanache, Ajeremani anatsegula zitinizo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 7, ndipo unali mpweya wochuluka kuposa wonse umene anatulutsa m'mbuyomo. Bataliyoni ya John inali pafupi ndi mabwinja a famu imene asilikali ankaitcha Mouse Trap Farm, kumpoto chakum'mawa kwa Ypres, moyandikana ndi anzawo a bataliyoni yachiwiri ya Royal Dublin Fusiliers. Pambuyo pa mpweya panabwera mabomba, pambuyo pa mabomba panabwera asilikali oyenda pansi. A Dublin Fusiliers anataya anthu oposa 600 tsiku limenelo, ophedwa, ovulala ndi osowa, moti amene anatuluka ali bwinobwino anali ongowerengeka. A Royal Irish Regiment nawonso anataya mazana, kuphatikizapo mtsogoleri wa bataliyoni yawo. Malowo anagwa m'manja mwa Ajeremani, ndipo chifukwa cha zimenezi panalibe wobwerera kukatola mitembo. Nkhondo yachiwiri ya ku Ypres inatha mawa lake, pa 25 Meyi.

Tsopano tibwerere ku Ballybricken, pakuti kumeneko ndi kumene nkhondoyi inatenga nthawi yaitali kuti ithe. Banja la mkulu wa asilikali linkalandira uthenga wa zovuta pa telegalamu, koma banja la msilikali wamba linkalandira kalata yosindikizidwiratu, yokhala ndi mipata imene kalaliki ankalembamo dzina, nambala ndi tsiku. Kalata yopita kwa a Condon inanena kuti mwana wawo wasowa. Mawu amenewa anali ankhanza kuposa uthenga wa imfa, chifukwa ankasiya khomo lotsegula pang'ono: mwina wagwidwa ukaidi, mwina ali m'chipatala atasokonezeka mutu, mwina dzina lake lituluka pa mndandanda wa akaidi umene bungwe la Red Cross linkasonkhanitsa ku Geneva. Mabanja ambiri anakhala miyezi akufunsa asilikali obwera ku tchuthi ndi kusanthula mayina m'nyuzipepala, mpaka boma litawalembera kuti likumutenga mwana wawo ngati anafa pa tsiku limene anasowalo. Ngakhale mtembo ukanapezeka, sukanabwera kumudzi, chifukwa kuyambira 1915 akuluakulu a nkhondo analetsa kubweza mitembo ya asilikali kwawo, ndipo lamulolo linakhalabe nkhondo itatha, pofuna kuti wolemera ndi wosauka agone mofanana. Cholinga chake chinali chabwino, koma taganizani kulemera kwake kwa anthu a ku Ireland, amene mwambo wawo ndi wogoneka malemu m'nyumba mwake, anansi n'kubwera kudzachezera usiku wonse, kupemphera korona ndi kukamba za moyo wake, kenaka n'kusenza bokosi pamapewa kupita kutchalitchi. Kwa a Condon kunalibe nkhope yoti aione komaliza, kunalibe bokosi loti asenze, kunalibe dothi loti aponye. Chimene chinafika pakhomo, mu 1922, ndi mamendulo atatu: 1914-15 Star, British War Medal ndi Victory Medal.

Chaka chimenecho, 1922, chikutiuzanso zina. Pamene mamendulowo ankafika, dziko limene John analisiya linali litasanduka lina. Pa Pasaka wa 1916 gulu la omenyera ufulu linaukira ulamuliro wa Britain mu Dublin, ndipo m'gulu la asilikali oyamba kutumizidwa kukathana nawo munali bataliyoni yachitatu ya Royal Irish Regiment, yomwe ija John analembetsamo. Atsogoleri a kuukirako ataweruzidwa n'kuphedwa ndi mfuti, mitima ya anthu inatembenuka. John Redmond, amene mng'ono wake Willie anaphedwa pa nkhondo ku Messines, ku Belgium, pa 7 Juni 1917, anamwalira mu Malichi 1918, ndipo chipani chake chinagonja kotheratu pa chisankho cha Disembala chaka chomwecho, ngakhale kuti mzinda wa Waterford unasankhabe mwana wake. Kenaka kunabwera nkhondo yomenyera ufulu kuyambira 1919 mpaka 1921, kugawidwa kwa chilumbacho, ndi nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu Meyi 1923. Royal Irish Regiment, gulu limene linakhalapo kuyambira 1684, linathetsedwa mu Julayi 1922 pamodzi ndi magulu ena a kum'mwera kwa Ireland, ndipo mbendera zake zinakasungidwa ku Windsor Castle. Amuna oposa 200,000 a ku Ireland anamenya nkhondo yoyamba ija ndipo oposa 30,000 anafa, koma m'dziko latsopanolo ulemu unapita kwa amene anafa akulimbana ndi yunifolomu ya Britain, ndipo amene anafa ataivala anasanduka nkhani yokambidwa motsitsa mawu. M'nyumba zambiri mamendulo anaikidwa m'kabati n'kutsekeredwa kwa zaka makumi angapo. Ndikamaganiza za bambo a John, ndimaona munthu amene anayenera kulira mwana wake m'dziko limene silinkadziwa ngati mwanayo ndi woyenera kuliridwa poyera.

Mu 1923, patatha zaka 8, ogwira ntchito yofukula mabwinja a nkhondo anapeza mafupa a msilikali kum'mawa kwa Ypres, ndipo pa chidutswa cha jombo yake panali podinda nambala 6322 ndi zilembo 4/R.I.R. Nambala ya John Condon inali 6322. Mafupawo anakaikidwa ku Poelcapelle British Cemetery m'dzina lake, ndipo chidutswa cha jombo chija chinatumizidwa kwa bambo ake ku Waterford. Kuti timvetse kufunika kwa kachidutswaka, tikumbukire kuti m'manda amenewa mwagona asilikali oposa 7,400, ndipo oposa 6,200 mwa iwo sakudziwika mayina. Timabaji todziwitsa dzina timene asilikali ankavala pakhosi pa nthawiyo tinali ta zinthu zowola m'dothi lonyowa, kotero ofukula ankadalira supuni, lezala kapena jombo yodindidwa nambala. Banja limene linauzidwa kuti mwana wawo wapezeka linali limodzi mwa ochepa amwayi, ndipo sindikukayika kuti bambo uja anachigwira chikopacho ngati akugwira mwendo wa mwana wake.

Pano ndi pamene kalata yanga ikundilemera kulemba. Chisanafike chaka cha 1920, nambala za asilikali a Britain sizinali za munthu mmodzi yekha m'gulu lonse lankhondo. Gulu lililonse, ndipo nthawi zina bataliyoni iliyonse, linali ndi mndandanda wakewake, moti amuna ambiri ankakhala ndi nambala yofanana. Zilembo R.I.R. zikhoza kuimira Royal Irish Regiment, komanso zikhoza kuimira Royal Irish Rifles, gulu lina losiyana kotheratu, lochokera ku Belfast ndi madera ozungulira. John analembetsa m'bataliyoni yachitatu, koma jomboyo inadindidwa 4. Ofufuza mbiri a ku Belgium ndi ku Britain atatsata zimenezi anapeza msilikali wina, Patrick Fitzsimmons, amene nambala yake inalinso 6322, amene anachokera m'bataliyoni yachinayi ya Royal Irish Rifles, ndipo anaphedwa pa 16 Juni 1915 pa nkhondo ya ku Bellewaarde. Iwo akuti malo amene mafupawo anafukulidwa akugwirizana ndi kumene Fitzsimmons anamenyera nkhondo kuposa kumene kunali bataliyoni ya Condon. Dzina la Fitzsimmons lili pa chipata cha Menin Gate mu Ypres, pakati pa mayina oposa 54,000 a asilikali amene manda awo sakudziwika, pamene malipenga amalira 8 koloko madzulo aliwonse. Bungwe losamalira manda silinasinthe chilizacho, ndipo lili ndi mfundo yake yosafukula manda n'cholinga chongofuna kutsimikiza amene wagonamo, mfundo imene ine ndikuilemekeza. Koma ngati ofufuzawo akunena zoona, ndiye kuti mabanja awiri analakwiridwa ndi cholakwa chimodzi cha kalaliki: lina linapatsidwa manda amene si a mwana wawo, lina linamanidwa manda a mwana wawo, ndipo John weniweniyo adakagonabe penapake pansi pa minda ya ku Flanders, dera la Belgium kumene kuli Ypres, kapena pansi pa mwala wopanda dzina.

Wina anganene kuti palibe chifukwa chosokonezera nkhani imene yakhala ikukhudza mitima kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti pali anthu, makamaka ku Waterford, amene anakula nayo nkhani ya mnyamata wa zaka 14 ndipo amaikonda moona mtima. Chiliza chija ndi chimodzi mwa zimene zimayenderedwa kwambiri m'manda onse a nkhondoyo. Ana asukulu amatsika m'mabasi kudzaima pamenepo, ndipo timitanda ndi maluwa ofiira sizichoka pansi pake. Sindikunyoza misozi yawo. Chimene chimandivuta n'chakuti ngati mtima wathu ukufunika kumva zaka 14 kuti ugwidwe chisoni, ndiye kuti mwakachetechete tavomereza kuti imfa ya wa zaka 18 ndi yabwinobwino, kuti ameneyo anali wamkulu, anadziwa chimene ankachita, ndipo nkhondo inali ndi ufulu womutenga. Kholo lililonse limene lili ndi mwana wa zaka 18 m'nyumba likudziwa kuti zimenezo si zoona. Mwana sakulira nakubala. Wa zaka 18 ndi uja amene mawu angomaliza kumene kusintha, amene amadya ngati dzombe, amene amayankha mwamwano masana koma usiku akadwala amaitana mayi ake. Kwa bambo amene anatsegula kalata ija mu 1915, kusiyana kwa 14 ndi 18 sikukanachepetsa kalikonse. Ndipo miyala ina masauzande ya ku Poelcapelle, imene alendo amaidutsa pothamangira pa umodzi uja, yaphimba anyamata a zaka 19, 20 ndi 21 amene analinso ndi kwawo.

Pali chinanso. Ana enieni analipo pa nkhondoyo, ndipo olemba mbiri amayerekeza kuti anyamata pafupifupi 250,000 osafika msinkhu analembetsa m'gulu lankhondo la Britain. Mmodzi wa iwo, Valentine Joe Strudwick, anaphedwa mu Januwale 1916 ali ndi zaka 15, ndipo wagona ku Essex Farm, pafupi ndi Ypres pomwepo. Mlandu wa akuluakulu amene anatsinzina dala polandira ana otere ndi waukulu, ndipo uli ndi mboni zokwanira. Tikauimika pa umboni umene ungagwetsedwe ndi chikalata chimodzi cha kubadwa, timapereka mpata kwa wokana kuti anene kuti nkhani yonseyo ndi yopeka.

Dziko la Ireland linatenga nthawi yaitali kuti liyambe kutchula mayina a anthu ngati John mokweza. Munda wachikumbutso wa ku Islandbridge mu Dublin unamalizidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, koma mwambo woutsegulira unalephereka, ndipo unakhala wosasamalidwa kwa zaka zambiri mpaka unakonzedwanso n'kupatulidwa mu 1988. Pa 11 Novembala 1998 Pulezidenti Mary McAleese wa dziko la Ireland anaima pamodzi ndi Mfumukazi Elizabeth II ndi Mfumu Albert II ya ku Belgium potsegulira nsanja yachikumbutso ku Messines, yokumbukira asilikali onse a pachilumbacho, Akatolika ndi Apulotesitanti, a kum'mwera ndi a kumpoto. Ku Waterford kwenikweniko, chipilala chotchedwa dzina la John Condon chinaimikidwa pa Cathedral Square mu 2014, patatsala chaka chimodzi kuti zaka 100 zikwane chimwalirireni, ndipo chikuimira anthu pafupifupi 1,100 a mumzindawo ndi m'boma lonse la Waterford amene anafa pa nkhondoyo. Ndimakondwera kuti mwana wa m'tinjira ta Ballybricken ndiye anasankhidwa kusenza mayina a anzake onsewo, ndipo udindo umenewo akuuyenera ngakhale zaka zake zitalembedwa molondola.

Pempho langa kwa inu, Mkonzi, ndi lakuti m'kope lotsatira mudziwitse owerenga kuti ngakhale chiliza chikunena zaka 14, buku la obadwa ndi akalembera awiri zikusonyeza kuti John Condon anabadwa mu Okutobala 1896 ndipo anafa ali ndi zaka 18. Kuti anatumizidwa ku nkhondo asanafike msinkhu umene lamulo linkafuna. Ndiponso kuti pali umboni wamphamvu wakuti mafupa a m'manda aja akhoza kukhala a munthu wina. Ndikupemphanso kuti potero mutchule dzina la Patrick Fitzsimmons wa Royal Irish Rifles, nambala 6322, amene anaphedwa pa 16 Juni 1915, patangopita masabata atatu John atafa.

Ine wanu,
Mwerengi wa nyuzipepala yanu